Chipinda Chopanda Mipando

Hotela imeneyo musanditchulire, chonde. Ndikakhala pa minibasi, tikangofika pamene denga lake limaonekera ku Limbe, ndimatembenukira zenera linalo. Anthu amati ndi yokongola. Kukongola kwake kuti? Shedi ya fodya ndi shedi ya fodya basi, ngakhale muipake laimu mpaka manja atupe.

Ine ndine Chisangalalo, ndimakhala ku Chigumula mpanda umodzi ndi achemwali anga a Emily. Iwo ndi oyamba kubadwa, ine chitsiriza. Ana awo ndi awiri: Raphael, amene tonse timangomuti Rafa, ndi Stacy, amene amagwira ntchito kubanki m'tauni ndipo amachita lendi ku Sunnyside. Bambo a anawa, a Peterson, anafera mu shedi imeneyo Stacy akadali kumsana. Belo la fodya linawagwera kuchokera pamwamba. Galimoto ya kampani inabwera kudzatenga achemwali ali mkati mochapa, ndipo kapitawo ananena zimene tonse timanena zikatere, kuti mayi tiyeni, bambo avulala pang'ono. Atafika anapeza amuna awo ali gone pa simenti, atawafunditsa chiguduli.

Kampaniyo inadzatseka, shediyo nkukhala ya nkhunda ndi akuba malata. Kenako kunabwera wina wandalama zake nkuigula, akuti ikhale hotela. Kuseri kwake kuli kadamu kodzadza namasupuni, ndiye anathirako mchenga wa malole angapo nkumati ndi gombe. Gombe ku Limbe! Achule okhaokha.

Rafa anapita ku Joni zaka zambiri zapitazo, akadali ndi masaya. Ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, koma foni yokha sinkaphonya. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, achemwali ankakhala pakhonde foni ili pamiyendo, ikangolira nkhope yonse nkuwala. Ndiye chaka chatha, itangotha Isitala, foni ija inangoti zii. Tikaimba, yothima. Pa wailesi nkumamveka kuti kumeneko akuthamangitsa alendo, ena akuwaotchera m'mashopu. Achemwali anasiya kudya. Magazi anayamba kuwathamanga, mankhwala akumwa koma osatsika. Galimoto ikangoima pamsewu, ngakhale ya makala, ankaimirira atagwira pamtima.

"Chisa," anandiuza tsiku lina tikusankha nyemba, "ukadzamva kanthu usadzandibisire. Ine sindikufuna ndalama zake, sindikufuna mabulangete ake. Ndikungofuna ndimuone ndi maso angawa."

Tsono imvani zimene ife sitinkadziwa. Rafa anali moyo. Apolisi a kumeneko anamugwira chifukwa cha mapepala nkumutsekera miyezi yonseyo, foni atamulanda. Stacy anamufufuza kudzera mwa anzake mpaka anamupeza, nkumukweza basi yobwerera kuno atangomutulutsa. Pamenepo mwanayo ndimamuyamika, anachita za munthu wamkulu. Koma m'malo momubweretsa kunyumba kwa amake, anakamubisa kuhotela ija. Tsiku la Anakubala linali pafupi, ndiye akuti akonze sapulaizi, anzake ajambule vidiyo. Anasankha dala malo amenewo poti anamva kuti bambo ake ankagwirako ntchito, nkumaona ngati zikhala zogwira mtima. Za chiguduli chija panalibe anamuuzapo.

Tsikulo kunacha ndi dzuwa la Okutobala, lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Cha m'ma teni takisi ya a Nasoro inaima pageti. A Nasoro ndi dalaivala wodziwika kwathuko, munthu waulemu wake, amene amatitengera odwala kuchipatala. Anatsika, navula kachipewa kawo, nkuima chapatali.

"A Nasoro, kwagwanji?" anafunsa achemwali, chitsulo chothirira maluwa chili m'manja.

"Andituma a Stacy, mayi. Akuti mukonzeke, inu ndi mayi aang'onowa, tipite ku Limbe."

"Ku Limbe kuli chiyani?"

"Mukamva komweko, mayi."

Ananena akuyang'ana pansi. Pambuyo pake anadzandiuza kuti ankabisa kumwetulira, poti anawalumbiritsa kuti asaulule. Koma ife tinaona munthu wamkulu akulephera kutiyang'ana m'maso. Achemwali anaimbira Stacy, osayankha. Anaimbanso, ndipo mwanayo anayankha monong'ona.

"Amayi, ingobwerani. Si zonenera pafoni."

Nkudula. Abale inu, ndi nkhani yanji imene sitinenera pafoni? Mwana wobadwira muno m'Malawi, wophunzira mpaka ku koleji, osadziwa zimenezo?

Achemwali analowa m'nyumba. Potuluka sanavale diresi ya kutchalitchi ayi. Anavala zitenje ziwiri zakale, duku lakuda, ndipo nsalu ina anaimanga zolimba pamimba. Nanenso ndinakatenga chitenje chapadera nkuchipinda m'chikwama, poti pasiwa sudziwa kuti ugona masiku angati.

M'galimoto a Nasoro anathimitsa wailesi. Tinatsika msewu wa ku Limbe tikungomva matayala. Tili cha pa Bangwe ndinawaweramira nkuwafunsa chapansipansi.

"A Nasoro, inu ndi ife tinadziwana kale. Ndi zovuta?"

"Ayi mayi, musade nkhawa. Zonse zili bwino."

Mawu omwe aja. Ndani anauzidwapo kuti ade nkhawa? Ndinabwerera pampando.

Titakhota kulowa kamsewu ka kuhotelako, ndinaona masamba. Nthambi zaziwisi zili ndanda, kudutsa msewu wonse, pafupi ndi geti. Anyamata osamalira maluwa anali atadulira mpanda m'mawa umenewo nkuzisiya pomwepo, iwo kukamwa tiyi. A Nasoro, mwa chizolowezi cha dalaivala aliyense akaona masamba pamsewu, anachepetsa liwiro mpaka galimoto inkangokwawa. Achemwali anandigwira pamkono, zikhadabo kulowa m'khungu. Kenako anakweza maso nkuona chinyumbacho, njerwa zomwe zija, chitseko chachitsulo chomwe chija.

"Kunonso?" anatero. Liwu limodzi lokhalo.

Pakhomo anatilandira mtsikana wovala zakuda kuyambira kumwamba mpaka pansi. Akuti ndi yunifolomu. Ankayankhula motsitsa ngati muli wodwala, manja ali pamodzi.

"Ndinu amayi a Stacy? Pepani ndi ulendo. Abale onse afika kale, akungodikira inu."

Anatitsogolera m'kanjira katalikatali, kopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Kumwamba anasiya zitsulo zakale zokokera mabelo, ndi ngowe zake zili lende. Pakona panali sikelo yoyezera fodya, ataipukuta nkuiikira nyale ngati ndi chinthu chonyaditsa. Ndi kutentha kuja, fungo la fodya linkatulukabe m'makoma. Achemwali ankayenda atatsamira phewa langa, milomo ikugwedera, akupemphera chamumtima.

Mtsikana uja anakankha chitseko nkutilowetsa.

Chipinda chachikulu, choyera mbuu, chopanda kanthu. Mpando ayi, kabati ayi, katani ayi, kalendala ayi. Simenti yokhayokha. Inu mukudziwa kuti nyumba timaikhuthula chotero pa chifukwa chimodzi chokha. Sofa zimatuluka panja kuti akhalepo abambo, zithunzi zimatsika pakhoma, m'nyumba nkutsala mphasa ndi amayi. Ndipo mphasa zinalimo, atayala m'mbali mwa makoma, anthu atakhalapo. Ndinaona achimwene athu a Madalitso ochokera ku Thyolo, munthu amene sabwera m'tauni pokhapokha kukhale maliro. Ndinaona akazi awo, amayi awiri a Mvano anzathu, ndi atsikana ena osawadziwa. Onse ali chete, mitu ili pansi, ena atagwira pakamwa. Pakati pa chipindacho panali tebulo lalitali, lalifupi miyendo, lofunditsidwa nsalu yoyera, pamwamba pake maluwa ndi makandulo oyaka masanasana.

Stacy anabwera maso ali psuu. Anali atalira m'mawa wonse chifukwa cha chimwemwe, koma misozi ilibe chizindikiro. Anagwada patsogolo pa amake nkuwagwira manja onse awiri.

"Amayi, khalani pansi kaye. Ndi nkhani ya achimwene."

Kulira kumene analira achemwali anga sindidzakuiwala. Kunachokera pansi pa mimba, kukagunda denga la malata lija nkubwerera.

"Mayo ine! Rafa mwana wanga! Andiphera mwana ine! Mwanditengera kuno kumene munanditengera bambo ake!"

Nanenso ndinabuma, ndipo sindichita nazo manyazi. Mayi aliyense wa m'dziko muno akanabuma. Anthu aja anadzambatuka pamphasa, aliyense kukuwa zake, ayi mayi, ayi achemwali, si zimenezo, tamverani. Koma kodi pamaliro anthu sanena zomwezo? Amakugwira, amakuletsa kudzigwetsa, amati limbani mtima. Achemwali ankangodziponya uku ndi uku, duku litagwa. Stacy ankakuwa kuti ali moyo, amayi, ali moyo, koma mawu ake ankamira m'phokosolo.

Rafa anali kuseri, akudikira kuti nyimbo iyambe ndiye atulukire. Atamva kulira kwa amake sanadikirenso. Chitseko chimene anatulukira anachipaka utoto wofanana ndi khoma, chopanda chogwirira, moti tinangoona khoma likutseguka. Munatuluka munthu woonda ngati bango, masaya atalowa, mutu wometa mpala, atavala malaya oyera ndi buluku loyera zimene anamugulira mlongo wake kuti vidiyo ikongole. Ngakhale ine, amene ndinamusambitsa ali khanda, ndinabwerera m'mbuyo.

"Amayi! Ndine, amayi!"

Achemwali anasiya kulira. Anamuyang'ana, maso ali tong'o. Ndinaona mlomo wawo ukukokekera mbali imodzi pang'onopang'ono, dzanja lamanja nkugwa lokha. Kenako thupi lonse linatsetsereka m'manja mwa Stacy, mutu nkugunda simenti.

Mukudziwa kuti mtsikana wina anali akujambulabe? Ndinaimenya foniyo mpaka inakagwera pansi pa tebulo, ndipo akanati ayankhule ndikanamuonjezera yake. Ndinakuwa kuti bweretsani mpando tiwakhazike, bweretsani pilo. Mpando kulibe. Chihotela chonsecho, cha ndalama zoti ine sindidzazigwira, anthu kuthamanga uku ndi uku kusaka mpando! Kunabwera bwana wa hotelayo, mnyamata wa ndevu zometa bwino, akupepesa.

"Mayi, ndi sitayilo yathu. Alendo athu amakonda malo opanda zinthu zambiri, mtima umapuma."

"Mtima umapuma? Taonani mmene wapumira apa!"

Tinawanyamulira pamphasa pomwepo, Rafa kumutu, a Madalitso ndi a Nasoro kumiyendo, kudutsa pansi pa ngowe zija, kudutsa sikelo ija. Panja anyamata aja anali akusesa masamba awo.

Kuchipatala, tikudikira pabenchi, ndinawatembenukira achimwene.

"Inu a Madalitso, ndi imvi zanuzo. Anawa tiwasiye, ndi a mafoni. Koma inu munalowa m'chipinda chimene chija, nkukhala pamphasa, osaona kuti chikuoneka ngati chiyani?"

"Ndinaona, mlongo," anayankha akupotokola chipewa. "Nditangolowa thupi linachita tsembwe. Koma ndinati malo a anthu olemera, mwina ndi mmene amakhalira. Ndinaopa kuoneka wakumudzi."

Amayi a Mvano aja ananenanso chimodzimodzi. Aliyense anaona, aliyense anakhala chete kuopa kuchita manyazi pamaso pa mtsikana wa yunifolomu. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Achemwali sanafe. Madokotala anati ndi sitiroko, mbali ya kumanja yonse inafa. Tinatuluka nawo mvula yoyamba itagwa, tikuwakankha pa njinga ya olumala. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera, koma omveka. Ankandizindikira ine, ankamuzindikira Stacy, ankafunsa ngati tadzala chimanga kuseri. Kuchipatala anamwino ankati tisawadzidzimutse, ndiye Rafa ankangosuzumira pazenera iwo ali mtulo. Titafika kunyumba tinati basi, nthawi yakwana.

M'mawa mwake ndinamupatsa Rafa mbale ya phala kuti akawadyetse. Anavala malaya ake akale amene amake anawasunga m'sutikesi, nagogoda, nalowa mogwada.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

Achemwali anatembenuza mutu. Atangomuona, kulira kuja kunayambiranso, kwa ku Limbe kuja, koma tsopano ndi pakamwa popotoka. Anthu oyandikana nafe anathamanga atamanga zitenje, kuyesa kuti zachitika. Rafa anatuluka chafutambuyo, phala likutayikira pa buluku.

"Mwana wanga ndinamulira kale," anandiuza atatonthola, akupuma movutika. "Anafera kumene anafera bambo ake. Uyu musamulowetse muno, Chisa. Akufuna anditenge."

Tinayesa zonse. Abusa anabwera, anapemphera, anamugwira Rafa dzanja pamaso pawo kuti aone kuti ndi munthu wa magazi. Kulira. Tinadikira kuti anenepe, tsitsi limere. Kulira. Nthawi iliyonse magazi ankakwera mpaka diso kufiira, ndipo dokotala anatichenjeza kuti ikabweranso kachiwiri sitiwabweza. Ndiye Rafa anasamukira kwa ine, kuchipinda chosungira makasu. Popita kumsewu amazungulira kuseri kwa bafa kuti asadutse pazenera la amake. Mwana anayenda ulendo wonse uja, anapirira ndende ya eni ake, kudzakhala ngati wakuba pakhomo pa amake.

Stacy amabwera Loweruka lililonse. Amawasambitsa, amawadula zikhadabo, amachapa zofunda zonse ndi manja ake a kubanki aja. Poyamba ndinkamulalatira mpaka malovu kuuma. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa khitchini akulira chamumtima, thovu la sopo lili m'manja, ndipo anandifunsa kuti mayi aang'ono, ndinawapha amayi ndine eti? Kuyambira pamenepo ndinachepetsa, ngakhale pena pake pakamwa pamandiyabwabe.

Za foni zinangochitika mwangozi. Lamulungu lina masana ndinamutuma Rafa kumsika, ine ndikuwadyetsa achemwali. Anandiimbira kufunsa ngati agule usipa kapena matemba. Foni yanga ndi yokuwa, mawu ake anamveka chipinda chonse. Achemwali anasiya kutafuna.

"Ameneyo ndi Rafa?"

Ndinaika supuni m'mbale.

"Ndipatse. Lero Lamulungu, ndimadziwa kuti aimba."

Ndinawaikira kukhutu. Nkhope ija, mbali imene ikadali yamoyo, inawala monga kale pakhonde paja.

"Iwe mwana, unasowera kuti? Ukudya koma? Kukuzizira kumeneko?"

Musandifunse kuti zimatheka bwanji, ine si dokotala. M'mutu mwa achemwali muli a Rafa awiri. Wina anamulira ku Limbe, ndipo ndi amene amaima pakhomo. Wina ali ku Joni, ndipo amaimba Lamulungu. Tinayesa kuwalumikiza. Tinamuuza kuti alowe akuyankhula pafoni pomwepo, kuti amve mawu uku akuona nkhope. Atangoti mutu suzu pachitseko, achemwali anaponya foni pansi nkuyamba kubuma, ndipo usiku wake tinagona kuchipatala. Sitinayesenso.

Ndiye ndi mmene tikukhalira. Lamulungu tikaweruka ndimawakhazika achemwali pabedi, ndimawamanga duku labwino, foni ndimaiika pamiyendo pawo. Rafa amapita kuseri kwa nyumba, m'kamunda ka chimanga, nkunyonyomala patali pang'ono kuti mawu asamveke pawiri.

Dzulo chimanga chinali chitafika m'chiuno. Ndinaima pazenera mowatchingira achemwali, ndipo ndinkamuona pakati pa mizere, foni ili kukhutu, dzanja lina lili pamaso.

"Ubwera liti, mwanawe?" anafunsa achemwali. "Ine thupi latha. Ndikufuna ndikuone ndisanafe."

Ndinaona mapewa a Rafa akugwedezeka.

"Posachedwa, amayi. Mapepala akangotheka."

"Chabwino. Koma ukamabwera unene, wamva? Usadzangotulukira."

"Ndidzanena, amayi."

Foni itaduka anakhala akumwetulira ndi mbali imodzi ija, akusisita chitenje pabondo. Kenako anandiitana.

"Chisa, mawa ukolope kuchipinda kwa Rafa, uyale ndi bedi. Akuti abwera posachedwa."